Nkhani siithera pomwe munthu wabayidwa, alembi inu

Ndakhala ndikukonza zolemba za achinyamata kwa zaka zambiri ndithu, ena amatumiza pa WhatsApp ena amabwera ndi mapepala m'manja, ndipo pali chinthu chimodzi chomwe chanditopetsa zedi. Nkhani imayamba bwinobwino, bambo a mnyamata aphedwa, mnyamata walira walumbira kuti abwezera, nde mapeji 30 akungosakasaka wakuphayo, pomaliza wamupeza wamubaya, pansi nkulemba kuti "mathero". Mathero ake ati? Apo mpomwe nkhani imayenera kuyambira.

Zoti mutu wa nkhani nchiyani sindifotokoza, munaphunzira kusukulu. Ine ndimangofunsa kuti m'mawa mwake munthu uja anadzuka bwanji? Mayi ake atamuona anati chiyani, kapena anangoti zii?

Taonani Dostoevsky, mlembi wa ku Russia, mu Crime and Punishment, buku la 1866. Raskolnikov, mwini nkhani, akupha gogo wina wokongoza ndalama ndi nkhwangwa gawo loyamba lisanathe nkomwe, nkupheranso Lizaveta, mng'ono wa gogoyo yemwe anangolowa m'nyumbamo mwatsoka. Magawo ena onse asanu ndi malungo, kubwebweta, kukayikira aliyense, zinthu zomwe anaba anakazibisa pansi pa mwala osazigwiritsa ntchito olo chimodzi, mpaka akubwerera kunyumba komwe anapherako nkumakaliza belu la pakhomo ngati wozungulira mutu. Zaka 8 zomwe anagamulidwa ku Siberia zikubwera kumapeto kwenikweni, owerenga tatopa kale naye limodzi. Inu mukanalemba, nkhwangwa ija ikanakhala pa peji yomaliza.

Achebe wa ku Nigeria naye mu Things Fall Apart, la 1958. Imfa ya Ikemefuna, mnyamata amene ankaleredwa ndi mwini nkhani Okonkwo, ndi mizere yochepa chabe, chikwanje cha Okonkwo yemweyo chatsika basi. Koma Okonkwo akukhala masiku awiri osadya, tulo osabwera, ndipo mwana wake Nwoye kuyambira tsiku limenelo mtima wachoka pa bambo ake. Ndipo ambiri mumaiwala kuti Ikemefuna anafika kwa Okonkwo ngati malipiro, anthu a kwawo ku Mbaino atapha mayi wa ku Umuofia, kwawo kwa Okonkwo. Mlandu wa akuluakulu unagwera mwana amene sankadziwa kanthu, wakhala pakhomopo zaka zitatu akuitana Okonkwo kuti bambo. Kubwezera kumatero, sikugwa pomwe waloza.

Za Hamlet wa mu sewero la Shakespeare ndisatalikitse, koma lekani kulemba kuti anali wamantha chifukwa anachedwa kupha Claudius, mfumu yomwe inapha bambo ake. Tsiku lomwe anafulumira anabaya Polonius, bambo a Ophelia ndi Laertes, kuseri kwa nsalu poganiza kuti ndi mfumu, Ophelia anasokonezeka mutu nkumira, ndipo Laertes anasanduka mwana wina wofuna kubwezera imfa ya bambo ake. Kufulumira kuja nkomwe kunadzaza mitembo pa siteji.

Koma chomwe chandilembetsa zonsezi ndi mtsikana wina, dzina sinditchula. Anandipatsa nkhani ya mtsikana amene mchimwene wake anaphedwa usiku akuchokera kuntchito, iye nkusaka wakuphayo mpaka kumuthira chiphe. Mbali ya chiphe inali yofooka, ngati yokopera mufilimu. Koma panali ndime imodzi yomwe inandiimitsa, nsapato za malemuyo zili pakhomo mwezi wathunthu, imodzi itagwa chammbali, aliyense m'nyumbamo akuzilambalala posesa osayerekeza kuziimika. Ndinayenera kudziwa pompo kuti zoterezi munthu sapeka. Ine nde ndinatenga cholembera chofiira nkumukalipira za mathero, ndinamuuza kuti akulemba ngati mwana. Patapita miyezi mnzake wina anandiuza kuti mchimwene wake anaphedwadi, ndipo dzina la wakupha munkhanimo anangosintha chilembo chimodzi.

Chomwe chimandipsetsa mtima kwambiri nchoti asanafike kwa ine anadutsa kwa mmodzi mwa awa odzitcha akonzi pa Facebook, amene sanawerengepo buku lililonse mpaka kumapeto koma amalipiritsa. Anamuuza kuti awonjezere magazi, anthu amakonda zimenezo, ndipo aziika pa intaneti chaputala chimodzi sabata iliyonse. Tangoganizani, dzina la munthu weniweni litatsala pang'ono kuwerengeka, mlandu usanathe. Chenjerani nawo anthu amenewa. Mkonzi amene akukuyamikirani chilichonse, amene sakufunsani kuti nkhaniyi mwaitenga kuti, amene akulonjeza kuti buku lituluka sabata yamawa, akufuna ndalama zanu basi. Ndipo ngati zomwe mukulembazo zinakuchitikiranidi musadikire kuti kulembako kukuchizani kokha, nthawi zina kumathandiza koma nthawi zina ukungonola mpeni tsiku ndi tsiku pa pepala. Pezani phungu wodziwa ntchito yake kapena munthu wamkulu amene mumamudalira, mulankhule msanga, osati mkwiyo utakhwima kale. Ngati pali chomwe mukudziwa pa imfa ya munthu kanenani ku polisi, osati kuzembetsa dzina lake munkhani, chifukwa anthu owerenga akalizindikira simungawaletse zomwe angachite.

Mtsikana uja sanatumizenso kanthu. Ndinamuimbira kawiri, foni inkangoitana. Mapepala ake akadali mu dirowa yanga, ndipo pa peji yomaliza pali mawu anga ofiira aja, aakuluakulu, ndinachita kuwadula mzere kunsi: "Nanga kenako?"