Port Arthur ndi Chiyambi cha Malamulo Okhwima a Mfuti ku Australia

Pa 28 Epulo 1996, mwamuna wina wa zaka 28 anadya chakudya pa malo odyera ku Port Arthur, pa chilumba cha Tasmania, ndipo atamaliza anasolola mfuti m'chikwama nayamba kuwombera alendo amene anabwera kudzaona mabwinja a ndende yakale. Pomwe ankagwidwa mawa lake anali atapha anthu 35 ndi kuvulaza ena 23. Mwa ophedwawo munali mayi wina ndi ana ake aakazi awiri, wa zaka 6 ndi wa zaka 3, omwe anawapeza akuthawa mumsewu.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti tsokali linaonekera kale. Mu 1987 anthu anaphedwa mofananamo kawiri mumzinda wa Melbourne, koma atsogoleri atakumana analephera kumanga mfundo imodzi, poti m'dzikomo chigawo chilichonse chimadzipangira chokha malamulo a mfuti, ndipo a ku Tasmania anali m'gulu la ofooka kwambiri.

John Howard anali asanakwanitse miyezi iwiri ali nduna yaikulu, komabe pa 10 Meyi zigawo zonse zinavomera pangano la dziko lonse lokhudza mfuti lotchedwa National Firearms Agreement. Mfuti zazitali zodzilowetsera zokha chipolopolo zinaletsedwa kwa anthu wamba, mfuti iliyonse inayenera kulembedwa m'kaundula, ndipo wofuna kugula ankadikira masiku 28 ndi kupereka chifukwa chomveka, monga ulimi kapena masewero. Kudziteteza sikunawerengedwe ngati chifukwa, ndipo apa ndi pomwe mkangano unakula. Boma linakweza msonkho wa zaumoyo kwa chaka chimodzi, ndipo ndi ndalamazo linagula mfuti pafupifupi 650,000 kwa eni ake n'kuziphwanya.

Alimi ndi alenje ambiri anaona kuti akulangidwa chifukwa cha tchimo la munthu mmodzi, ndipo dandaulo lawo silinali lopanda pake, popeza mfuti kwa iwo n'chida cha ntchito. Mu Juni chaka chomwecho Howard anapita ku Sale, m'chigawo cha Victoria, kukalankhula ndi khamu lokwiya atavala chovala choteteza ku zipolopolo mkati mwa jekete. Amene anasenza mtolo wolemera koposa anali wachiwiri wake, Tim Fischer, mtsogoleri wa National Party, chipani chodalira mavoti a kumidzi, yemwe anaikira kumbuyo lamuloli pamaso pa anthu ake omwe. Chipanicho chinalipira mtengo wake mu 1998, pamene chipani china cha One Nation, chomwe chinkatsutsa malamulowa, chinapata mipando 11 m'nyumba ya malamulo ya chigawo cha Queensland.