Mfuti ikayamba kuphonya, yambani mwafunsa thabwa lake

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikukonza mfuti za anthu amene ali ndi ziphaso za boma kuno ku Blantyre, ndipo pali dandaulo limodzi limene ndatopa kulimva. Munthu amafika ndi mfuti imene yayamba kuphonya chandamale, n'kunena motsimikiza kuti galasi loyang'anira lawonongeka, kapena anamugulitsa zipolopolo zachabechabe, kapena mpope watha. Palibe amene amatchula thabwa, gawo lija logwirira ndi lotsamiritsa paphewa limene amisiri timalitcha stock, chifukwa ambiri amaliona ngati mpini wa khasu umene ntchito yake ndi kungogwirika basi. Akafuna kugula latsopano amasankha lonyezimira ndi lamizere yokongola, osadziwa kuti zitsulo zonse za mfutiyo zimagona pa thabwa limeneli, ndipo likasuntha pang'ono chabe chipolopolo nacho chimasintha njira.

Mpope wa mfuti zambiri zosakira ndi wautali pafupifupi masentimita 60. Ngati thabwa laukankha kumapeto kwake ndi theka la milimita yokha, lomwe diso silingaone, chipolopolo chimakagwa masentimita oposa 8 kutali ndi pamene munaloza pa mtunda wa mamita 100, ndipo pa mamita 300 kuphonyako kumafika masentimita 25. Chimene chimachititsa thabwa kukankha mpope kwathu kuno ndi chinyezi. Mtengo ngakhale utadulidwa kalekale umamwabe chinyezi cha mumpweya n'kufufuma, kenako n'kuuma ndi kubwerera, ndipo sufufuma mofanana mbali zonse. Mfuti imene munaiyesa mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo si imodzimodzi ndi imene mudzanyamule mu Febuluwale mvula itagwa sabata yathunthu, ndipo kwa ife a kuno ndi a ku Thyolo ndi Mulanje chiperoni cha mu Juni ndi Julayi chimabweretsanso vuto lomweli pakati pa chilimwe. N'chifukwa chake pa mfuti yofuna kulasa molondola mpope suyenera kukhudza thabwa kuchokera pamene watulukira m'thupi la mfuti, chitsulo chija chimene mumalowetsamo zipolopolo, mpaka kumapeto. Kuyesa kwake n'kosavuta: mutatsimikiza kuti mfuti ilibe chipolopolo, lowetsani ndalama yapepala pakati pa mpope ndi thabwa n'kuikoka cham'mbuyo. Ikakodwa penapake, pamenepo ndi pamene pali vuto lanu.

Nkhani imene imandisowetsabe mtendere ndi ya bambo wina amene ali ndi munda waukulu wa chimanga ndi chinangwa cha ku Thyolo, yemwe anali ndi mfuti ya .308 (nambalayi imatchula kukula kwa chipolopolo chake) komanso chilolezo chothana ndi nguluwe zimene zinkamuthera mbewu. Thabwa lake litasweka anapita kwa kalipentala wina wodziwa bwino kupanga mipando ndi zitseko, amene anamusemera latsopano kuchokera ku mbawa imene inali isanaume mokwanira. Linali lokongola, ndipo mu Okutobala mfutiyo inkalasa bwino ndithu. Mu Disembala anabwera kwa ine kudzadandaula kuti zipolopolo zayamba kupita kumanzere. Ndalama yapepala inakana kudutsa, ndipo nditamasula zomangira ndinapeza kuti thupi la mfuti linkagwedera m'malo mwake. Ndinamuuza kuti, "Bambo, mfutiyi musiyeni kuno, musaiwomberenso nyama mpaka titaikonza." Anandiyankha kuti nguluwe sizidikira, ndipo adzabwera nayo akakolola. Mu Febuluwale anawombera nguluwe madzulo, ataloza paphewa, koma chipolopolo chinakalowa m'mimba ndipo nyamayo inathawira m'tchire. M'mawa mwake mnyamata wake waganyu akutsatira magazi anaipeza ikadali moyo, ndipo inamung'amba ntchafu moti anagona m'chipatala milungu ingapo ndipo mpaka lero amatsimphina. Ndimadzifunsabe ngati ndinalankhula mwamphamvu mokwanira tsiku lija la mu Disembala, chifukwa ndinaona vutolo ndi maso anga koma ndinamulola kutuluka nayo mfutiyo pakhomo panga.

Ndisamveke ngati ndikunyoza mitengo yathu kapena akalipentala athu. Mlombwa wouma bwino ndi mtengo wokhazikika umene sufufuma kwambiri, ndipo mmisiri wodziwa mfuti akhoza kupangira thabwa labwino. Vuto ndi lakuti mtengo wa thabwa la mfuti umafunika kuuma kwa zaka, osati miyezi, ndipo mkati mwake mumafunika kusemedwa molingana ndendende ndi zitsulo, makamaka pamalo pamene pamakhala kachitsulo kolandira mphamvu ya kubwerera m'mbuyo kwa mfuti. Mizere ya mtengo iyenera kuyenda motsatira khosi la thabwa, pamene dzanja limagwira, chifukwa ikadutsa mopingasa pamenepo ndi pamene lidzathyokere. Munthu amene luso lake ndi la makabati sanaphunzire zimenezi, ndipo amene amakuuzani kuti ntchito yotere aimaliza pa masiku atatu mumuthawe. Ndaonapo mathabwa osweka omangidwa ndi waya, okhomedwa misomali, ndi ena omatidwa ndi guluu wa nsapato, ndipo eni ake ankawomberabe mfuti zamphamvu ngati .375 H&H nkhope yawo ili pamwamba pa mng'aluwo. Mng'alu wa pakhosi kapena kumbuyo kwa thupi la mfuti sudikira malipiro a kumapeto kwa mwezi, chifukwa kuwombera kulikonse kumaukulitsa, ndipo tsiku limene thabwa lidzagawike chitsulo ndi galasi zidzabwerera m'diso mwanu.

Amene akugula thabwa latsopano ali ndi zosankha zingapo. La walnut, mtengo umene opanga mfuti a ku Ulaya ndi America akhala akugwiritsa ntchito kuyambira kale, ndi labwino ngati lapakidwa zotchinga chinyezi kunja ndi mkati momwe, pakuti ambiri amapaka kunja kokha n'kuiwala ngalande imene mpope umadutsa. La timatabwa topyapyala tomatidwa pamodzi limalemera koma silipindika msanga, ndipo poganizira ndalama zogulira ndi limene ndimalimbikitsa kwa alimi ambiri. Mathabwa a fibreglass ndi carbon fibre, zipangizo zolimba za kufakitale zosakhala mtengo, onga amene amapanga a McMillan ndi a Manners ku America, sasamala za mvula konse, koma musawasokoneze ndi a pulasitiki wofewa amene amabwera ndi mfuti zotchipa, amene mukawatsamiritsa pa miyendo iwiri yoimikira mfuti amapindika n'kukhudza mpope. Palinso a aluminiyamu, onga a MDT a ku Canada ndi a Accuracy International a ku England, amene ochita masewero olasa patali amawakonda chifukwa chilichonse pa iwo chimasinthika, koma ndi olemera, ndipo amene amayenda wapansi ku Chikwawa kapena ku Nsanje mu Novembala adzaona kuti chitsulo chosiyidwa padzuwa sichigwirika. Kumbukiraninso kuti thabwa lililonse limapangidwira mtundu wake wa mfuti, kotero la Remington 700 silingalowe pa Tikka T3 kapena pa CZ 550, ndipo amene angakuuzeni kuti alisema pang'ono kuti likwane akufuna kukuwonongerani zonse ziwiri.

Kaya mwasankha liti, funsani za pogona zitsulo. Pa thabwa la mtengo timathira guluu wolimba wotchedwa epoxy kuti thupi la mfuti likhale pamalo olingana nalo ndendende, ndipo timaika timapaipi ta aluminiyamu m'mabowo a zomangira kuti mukamanga musafinye mtengo. Zomangirazo zimamangidwa ndi sipanala yoyeza mphamvu, molingana ndi muyeso umene wopanga ananena, osati ndi mphamvu zonse za mkono wanu. Mafuta ambiri amene anthu amathira m'mfuti n'kuiimika pakona amatsikira m'thabwa n'kufewetsa mtengo pamalo pomwe pamafunika kulimba, choncho thirani pang'ono, ndipo mukatero muisunge mpope utaloza pansi.

Chotsala ndi thupi lanu, ndipo apa ndi pamene anthu amachita manyazi popanda chifukwa. Mfuti zambiri zimachoka kufakitale ndi kutalika kwa masentimita pafupifupi 34 kuchokera pokokera chala mpaka pa phewa, muyeso umene suyenera munthu aliyense. Ngakhale asilikali a ku Britain ankapereka mfuti ya Lee-Enfield, ija ya .303 imene agogo athu a m'gulu lankhondo la King's African Rifles ankanyamula, ndi mathabwa a kutalika kosiyanasiyana, chifukwa ankadziwa kuti manja a anthu salingana. Thabwa likakutalikirani mumatambasula khosi n'kukoka chala mokhota, ndipo likakufupikirani galasi limayandikira diso n'kukutemani pachikope mfuti ikabwerera m'mbuyo. Chimodzimodzinso msana wa thabwa pamene tsaya limagona. Mfuti zakale zinapangidwira kuloza ndi tizitsulo ta pamwamba pa mpope, ndiye msana wake ndi wotsika, ndipo mukaikapo galasi mumayamba kudzutsa mutu kuti muone, tsaya likulendewera m'mwamba, kotero kuti diso lanu silikhala pamalo amodzi kawiri. Pamene mukuyesa thabwa, mfuti ilibe chipolopolo ndipo yaloza kumalo otetezeka, tsinzinani, ikani mfuti paphewa, gonekani tsaya momasuka, kenako tsegulani maso. Ngati simukuona bwalo lonse la galasi popanda kusuntha mutu, msanawo uyenera kukwezedwa, kapena mugule thabwa limene msana wake umakwera ndi kutsika, ndipo muchite kuyesaku mutavala zovala zomwe mumavala kumunda, mutagona pansi ndiponso mutakhala, pakuti kaimidwe ka m'sitolo si kamene mudzawombere nako. Mukasintha thabwa kapena kungomasula zomangira zake, bwererani pa chandamale musanapite kutchire, ndipo mudzabwererenso mvula yoyamba ikagwa.