Munda ndi wanu, nanga golide wa pansi pake ndi wa yani?

Chiyambireni Reserve Bank of Malawi kugula golide kwa okumba ang'onoang'ono mu 2021, ife odziwa za miyala kuno ku Mzuzu timalandira funso limodzimodzi, makamaka kwa amene amva za golide wa ku Tukombo ku Nkhata Bay: a mfumu andiloleza, ndiyambe kukumba?

Musayambe. A mfumu amagawa malo olima ndi omangapo, koma miyala ya mtengo wapatali yonse ili m'manja mwa dziko, ngakhale ipezeke m'munda wosiyidwa ndi agogo anu. Lamulo la migodi la 2023, limene linalowa m'malo mwa la 2019, linakhazikitsa bungwe la Mining and Minerals Regulatory Authority, ndipo ziphaso zimachokera kumeneko.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Chiphaso chofufuzira si chiphaso chokumbira. Chofufuzira chimene amatenga okumba ang'onoang'ono chimakulolani kuyendayenda ndi kuyeza dothi, koma sichiletsa mnzanu kufufuza pomwepo. Malo amakhala anu okumbapo mukatenga chiphaso cha mgodi waung'ono, cholembedwa malire ake ndi manambala a GPS, osati "kuyambira pa mkuyu kukafika ku mtsinje". Musanalipe kanthu, funsani ngati malowo sanaperekedwe kale ku kampani ina. Zimandiwawa kuona banja litagulitsa ng'ombe, kugula pampu ndi mafosholo, kenako n'kuthamangitsidwa ndi mwini chiphaso amene sanapondeko n'komwe kumudziko. Ogula golide nawonso ali ndi chiphaso chawochawo.

Nkhalango zotetezedwa monga Kaning'ina, komanso Nyika ndi Vwaza, zili ndi malamulo akeake. Musaganize kuti poti ndi "za boma" ndiye kuti n'za aliyense.

Nanga chonyezimira mwatolacho ndi golidedi? Chimenyeni ndi nyundo. Golide amaphwatalala, pomwe pyrite, mwala wonyenga anthu ambiri uja, umasweka n'kukhala ufa. Golide amalemera kuposa madzi pafupifupi ka 19, n'chifukwa chake amatsalira pansi pa beseni mchenga ukamapita ndi madzi.

Ndipo chonde, mercury, chitsulo chamadzimadzi chimene ena amagwirira golide, musamuwotchere kukhitchini kapena pafupi ndi ana. Utsi wake umawononga ubongo ndi impso, ndipo umafika mpaka kwa mwana amene ali m'mimba. Wotayikira mumtsinje amakathera m'nsomba za m'nyanja, zomwe timagula tonse mumsika wa Mzuzu.