Mayi Marie Curie Sanali Ongothandizira Amuna Awo

Kwa zaka zambiri anthu akhala akuganiza kuti Mayi Marie Curie, katswiri wa sayansi, ankangothandizira amuna awo, a Pierre Curie, ndipo kuti nzeru zenizeni zinali za abambowo. Maganizo amenewa adayamba kalekale, chifukwa mu 1903 akatswiri a ku France popereka mayina a oyenera kulandira mphoto ya Nobel adatchula a Pierre ndi wasayansi mnzawo a Henri Becquerel okha, mpaka a Pierre eniake atalemba kalata yonenetsa kuti akazi awo asasiyidwe, ndipo atatuwo adalandira mphotoyo limodzi.

Zoona zake n'zakuti mayiwa ndiwo adasankha kufufuza cheza chochokera ku chitsulo chotchedwa uranium, ndipo ndiwonso adapeza kuti mwala wa pitchblende umatulutsa cheza champhamvu kuposa uranium weniweniyo, zomwe zidasonyeza kuti m'mwalamo muli chinthu china chosadziwika. Apa m'pamene a Pierre adasiya kafukufuku wawo kuti agwire ntchito limodzi ndi akazi awo, ndipo mu 1898 awiriwa adatulukira zinthu ziwiri zatsopano m'mwalamo, polonium ndi radium.

Umboni wosatsutsika uli ku Musée Curie, nyumba yosungiramo mbiri yomwe ili mumzinda wa Paris. Nyumbayi inali mbali ya Institut du Radium, malo a kafukufuku wa radium, omwe adamangidwa pofika mu 1914, a Pierre atamwalira kale pa ngozi ya ngolo mu 1906. Ofesi ndi labotale zimene alendo amaona kumeneko n'za mayiwa, omwe adatsogolera kafukufuku pamalopo mpaka imfa yawo mu 1934. N'zomvetsa chisoni kuti ambiri amaiwalanso zoti mphoto yachiwiri ya Nobel, ya mu 1911, adailandira okha.