Mayeso a kalankhulidwe ka namwino ku France

Kubaya jekeseni n'kosavuta kuyesa. Mphunzitsi amaima pambali n'kuona ngati wophunzira wasamba m'manja, wayeza mankhwala molondola ndiponso wabaya pamalo pake. Nanga kulankhula ndi munthu amene wangouzidwa kumene kuti ali ndi khansa, mungakupatse malikisi bwanji? Sukulu za unamwino za m'maiko olankhula Chifalansa zakhala zikulimbana ndi funso limeneli.

Ku France namwino amaphunzira zaka zitatu m'sukulu zotchedwa IFSI. Dongosolo limene boma linakhazikitsa mu 2009 linagawa maphunzirowa pakati: maola 2,100 m'kalasi ndi maola 2,100 m'zipatala. Linatchulanso maluso khumi amene wophunzira ayenera kuonetsa asanalandire dipuloma, ndipo la nambala 6 ndi kulankhulana ndi wodwala. Si nkhani ya ulemu chabe ayi. Lamulo la pa 4 Marichi 2002 linapatsa wodwala ufulu wodziwa za matenda ake ndi wovomera kapena kukana chithandizo, ndiye munthu angavomere bwanji chinthu chimene sanachimvetse?

Mbali ina ya mayeso ndi yolemba: wophunzira amatenga zimene zinachitika pakati pa iye ndi wodwala n'kuzisanthula. Ina imachitikira m'wodi, kumene namwino womuyang'anira amalemba m'buku la wophunzirayo ngati lusolo waligwira, akuligwirabe, kapena sanayambe n'komwe.

Koma njira imene imaonetsa zambiri ndi ya wodwala wongoyerekezera. Anaiyambitsa ndi dokotala wa ku America, Howard Barrows, m'zaka za m'ma 1960. Mu 1975 Ronald Harden wa ku Dundee, ku Scotland, anafalitsa mayeso ozungulira m'zipinda, amene olankhula Chifalansa amawatcha ECOS. Wophunzira amawerenga kapepala pakhomo, n'kulowa, n'kupeza munthu wophunzitsidwa kuchita ngati wodwala: mwina mayi amene akukana opaleshoni chifukwa cha mantha, mwina bambo wokwiya amene wadikira nthawi yaitali. Amakhala ndi mphindi zowerengeka. Woyesa amakhala chete ndi pepala lake, n'kumachonga. Kodi wanena dzina lake ndi ntchito yake? Wakhala pansi kapena walankhula ali chiimire? Wafunsa mafunso opatsa wodwala mpata wofotokoza, kapena ongofuna "inde" ndi "ayi"? Wabwereza m'mawu ake zimene wamva kuti wodwala amukonze? Wapewa mawu ovuta achipatala? Chifalansa chimasiyanitsa "iwe" ndi "inu" monga Chichewa, choncho kulankhula ndi gogo ngati kamwana kumaoneka msanga. Lipoti la mu 2012 la Haute Autorité de Santé, bungwe loona za ubwino wa chithandizo ku France, linatsindika mfundo yakuti chinthu chisamayambe kuyeseredwa pa wodwala weniweni. Mawu nawonso amavulaza, ndipo ndi bwino wophunzira alakwitse pamaso pa wochita sewero kusiyana ndi pamaso pa mayi amene mwana wake watsirizika.

Nkhawa yanga ili pa pepala lochongapo lija. Limathandiza kuti oyesa asakondere, ndipo zimenezo n'zofunika kwambiri. Koma wophunzira wochenjera akhoza kuliloweza. Amanena kuti "ndikumvetsa mmene mukumvera" pa nthawi yake, malikisi n'kulowa, pomwe maso ali pa wotchi. Wina amangokhala duu kwa kanthawi, kumusiya wodwala kuti alire, ndipo papepala palibe pochonga, chonsecho ndiye wachita unamwino weniweni. Tikayesa zooneka zokhazokha, tidzaphunzitsa ana athu kuchita sewero la chifundo.

N'chifukwa chake ndimalemekeza sukulu zimene zimapatsa wodwala wongoyerekezera uja mpata wolankhula mayeso akatha, komanso kujambula vidiyo kuti wophunzira adzionere yekha pamene anadula mnzake mawu. Ndikadakonda mawu a wodwalayo azilemera ngati a mphunzitsi. Afunsidwe zinthu ziwiri: ngati anamva kuti wamvetseredwa, ndiponso ngati angathe kubwereza zimene wauzidwa, monga mankhwala ake, nthawi yomwera ndi chizindikiro chomubwezera kuchipatala msanga. Akalephera kubwereza, wophunzirayo abwerezenso chipinda chimenecho, ngakhale mizere yonse ya papepala itachongedwa.