Amayi apabanja a ku Kasungu: ngati simukufuna mimba panopa, musangosiya kulera

Kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti mwa amayi 100 apabanja m'Malawi, 19 ankafuna kupumira kaye kapena kusiyiratu kubereka koma sankagwiritsa ntchito njira iliyonse yolera. Ambiri mwa iwo njirazo amazidziwa. Ena analerapo kale n'kusiyira panjira, ndipo uthengawu ndi wawo makamaka.

Chomwe chimasiyitsa ambiri ndi msambo. Jakisoni wa Depo, yemwe amayi ochuluka m'dziko muno amasankha, amasintha kasambidwe: wina amangodontha pang'onopang'ono, wina amasamba masiku ambiri, wina msambo umasiyiratu. Mphekesera za kumjigo zimati magazi akuunjikana m'mimba ndipo adzasanduka chotupa. Si zoona. Mankhwalawa amachititsa kuti chiberekero chisakonze magazi ambiri, ndiye palibe chotsalira. Ngati kusinthako kukukusowetsani mtendere, kauzeni anamwino kapena mlangizi wa zaumoyo kuti akuthandizeni kapena akusinthireni njira. Kungokhala pakhomo osabwereranso ndi komwe kumabweretsa mimba yosakonzekera. Koma mukataya magazi ambiri mpaka kumva chizungulire, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Jakisoni sapha chiberekero. Mukasiya, mimba imatha kuchedwa miyezi ingapo, kwa ena mpaka chaka, koma imabwera.

Kuno kwathu kuli vuto linanso, la nyengo ya fodya. Kuthyola, kusoka ndi kupachika m'zigafa kukafika pachimake, tsiku la jakisoni limadutsa osaliona, makamaka kwa okhala m'maesiteti kutali ndi chipatala. Depo amabayitsa miyezi 3 iliyonse. Mukachedwa osapitirira masabata 4, mukhoza kubayitsabe. Mukapitirira apo, pitanibe, koma gwiritsani ntchito kondomu mpaka akuoneni. Funsaninso za Sayana Press, jakisoni yemwe amakuphunzitsani kudzibaya nokha kunyumba.

Amene ulendo wa kuchipatala umawavuta aganizire njira zokhalitsa. Implanon ya pamkono imagwira zaka 3, Jadelle ya pamkononso zaka 5, lupu ya m'chiberekero zaka 10. Zonsezi amachotsa nthawi iliyonse mukafuna mwana. Kutseka, kwa mayi kapena kwa bambo, n'kwa amene atsimikiza kuti ana akwana, chifukwa sikubwezeka.

Kuyamwitsa kumateteza pokhapokha mwana asanakwane miyezi 6, akuyamwa bere lokha usana ndi usiku, ndipo msambo sunabwerere. Chimodzi chikasowa, mutha kutumbiza. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kudikira zaka 2 mwana akabadwa musanatenge mimba ina, ndi miyezi 6 ngati mwapita padera. Choncho nkhani ya kulera muiyambe kusikelo, mwana akadali wakhanda.

Inu abambo, perekezani akazi anu mukadzimvere nokha. Amayi ambiri amalera mobisa kapena kusiya chifukwa choopa mawu a kunyumba kapena a apongozi, pomwe mimba zotsatizana zimafooketsa thupi la mayi yemweyo.

Njira zolera n'zaulere m'zipatala za boma, monga chipatala chachikulu cha Kasungu, ku Kaluluma, Santhe ndi Chulu, ndipo a Banja La Mtsogolo amathandizanso. Mwa njira zonsezi, kondomu yokha ndi imene imatetezanso ku HIV. Ngati mwagonana mosadziteteza, mapilitsi a pangozi amagwira ntchito asanathe masiku 5, ndipo amathandiza kwambiri mukamwa msanga.