Anyamata a pa Brownsea: mmene usikauti unayambira ndi zimene anthu akhala akukanganirana

Mu Okutobala 1899 asilikali a Mabunu anazinga tauni ya Mafeking, imene lero imatchedwa Mahikeng, kumpoto kwa South Africa. Anaizinga masiku 217. Mkatimo munali asilikali ochepa a Britain motsogoleredwa ndi Robert Baden-Powell, ndipo popeza mwamuna aliyense wotha kugwira mfuti amafunika m'maenje omenyeramo nkhondo, panasowa anthu otuma. Lord Edward Cecil, mmodzi wa akuluakulu a asilikaliwo, ndiye anasonkhanitsa anyamata achizungu a m'tauniyo, kuwaveka yunifolomu n'kuwapatsa ntchito yonyamula makalata ndi mauthenga. Poyamba ankakwera abulu. Njala itakula abuluwo anathera mumphika, anyamata n'kuyamba kupalasa njinga mizinga ikulira. Wotsogolera anzake anali Warner Goodyear, wa zaka 13 zokha, ndipo chithunzi chake ali panjinga chinaikidwa pa sitampa imene inasindikizidwa mkati mwa tauni yozingidwayo.

Nkhani imeneyi masikauti amaikonda, ndipo amaikamba ngati chiyambi cha gulu lawo. Koma ku Mafeking kunalinso Abarolong, eni malowo, pamodzi ndi anthu ena akuda othawa nkhondo, ndipo njala inaluma iwowa kwambiri kuposa azungu. Chakudya sichinkagawidwa mofanana. Sol Plaatje, amene panthawiyo anali womasulira m'khoti la m'tauniyo, analemba tsiku ndi tsiku zimene ankaona, ndipo olemba mbiri mpaka lero sagwirizana kuti Baden-Powell ali ndi mlandu waukulu bwanji pa imfa za anthu akudawo. Ndayamba ndi zimenezi dala, chifukwa funso lakuti mwana woyenera kumukhulupirira ndi wa yani lidzatitsata mpaka kumapeto.

Tauniyo itamasulidwa pa 17 Meyi 1900, anthu ku London anavina m'misewu usiku wonse. Baden-Powell anasanduka ngwazi ya dziko lonse. Atabwerera kwawo anapeza kuti kabuku kake ka Aids to Scouting, kamene analembera asilikali kuwaphunzitsa kulonda mapazi ndi kuzonda mdani, kakuwerengedwa ndi aphunzitsi ndi anyamata wamba. Nthawiyo n'kuti Britain ili ndi nkhawa. Amuna ambiri ofuna kulowa usilikali pa nkhondo ya Mabunu anabwezedwa chifukwa chofooka m'thupi, moti boma linakhazikitsa komiti yofufuza za kulowa pansi kwa thanzi la anthu, imene inatulutsa lipoti lake mu 1904. Akuluakulu ankayang'ana ana a m'makwalala a mizinda ya mafakitale, owonda, osuta fodya, ongoyendayenda, n'kumadzifunsa kuti ufumu waukulu chonchi adzausunga ndani.

Magulu a achinyamata analipo kale. William Alexander Smith anayambitsa Boys' Brigade ku Glasgow mu 1883, gulu la tchalitchi lophunzitsa Baibulo ndi perete. Baden-Powell ataona perete wawo mu 1904 anauza Smith kuti anyamata angabwere ochuluka kuposa pamenepo ngati zochita zitakhala zosangalatsa kusiyana ndi kumangoguba. Smith anamubwezera mpirawo: ndiye lembani inuyo. Kutsidya kwa nyanja, ku America, Ernest Thompson Seton anali atayamba kale mu 1902 kutengera anyamata kuthengo, ndipo pambuyo pake anadandaula poyera kuti Baden-Powell anamutengera nzeru zambiri osamuthokoza mokwanira. Dandaulolo silinali lopanda pake.

Kuyesa kwenikweni kunachitika pa chilumba cha Brownsea, kufupi ndi Poole kumwera kwa England, sabata yoyamba ya Ogasiti 1907. Anyamata anali pafupifupi 20. Ena anachokera ku sukulu za ana a mpondamatiki monga Eton ndi Harrow, ena anali a Boys' Brigade a ku Poole ndi Bournemouth, ana a anthu ogwira ntchito zamanja. Ku England ya nthawi imeneyo ana oterewa sankadyera mbale imodzi. Baden-Powell anawasakaniza n'kuwagawa m'timagulu tinayi, kalikonse ndi dzina la nyama kapena mbalame: Mimbulu, Nkhunzi, Akhwangwala, ndi ka chinayi kotchedwa dzina la mbalame ina ya mlomo wautali yokhala m'mphepete mwa nyanja. M'mawa ankawadzutsa poliza nyanga ya ngoma imene anabwera nayo kuchokera ku nkhondo ya ku Matabeleland ya 1896. Masana ankaphunzira kumanga mfundo, kukoleza moto, kulonda mapazi, kupulumutsa munthu womira. Madzulo, nthano pamoto.

Zonsezo n'zabwino, koma aliyense akanatha kuziphunzitsa. Chachilendo chinali ichi: kagulu kalikonse kanali ndi mtsogoleri wake, mnyamata mnzawo, ndipo iyeyo ndiye ankayankha pa khalidwe la anzake nthawi zonse, mumsasa ndi kuthengo komwe. Usiku uliwonse kagulu kamodzi kankapatsidwa ufa, mbatata, nyama ndi tiyi, n'kutumizidwa kukagona kwaokha patali ndi msasa. Akaphika zosapsa, adya zomwezo. Moto ukazima, palibe wamkulu wouyatsa. Taganizani mnyamata wa zaka 14 mumdima, anzake anayi akumuyang'ana, wina akunjenjemera, wina akuti tibwerere, nkhuni zanyowa, ndipo ayenera kusankha woyamba kulonda ndi woyamba kugona. Palibe bolodi limene lingaphunzitse zimenezo. Kwa ine mbiri yonse ya usikauti yagona pa usiku umenewo, ndipo mabungwe ambiri a achinyamata amene anabwera pambuyo pake anatengera yunifolomu, mabaji ndi malonjezo, koma n'kuiwala kumusiya mwanayo yekha ndi anzake ndi thumba la ufa.

Buku la Scouting for Boys linayamba kutuluka mu Januwale 1908, m'zigawo zisanu ndi chimodzi, chigawo chimodzi pa masabata awiri alionse, pa mtengo wa mapeni anayi. Baden-Powell sankafuna kuyambitsa bungwe latsopano. Ankaganiza kuti Boys' Brigade ndi magulu ena adzangotolamo zowathandiza. Anyamata sanadikire. Ankagula kabukuko, kusonkhana asanu kapena asanu ndi mmodzi, kusankhana mtsogoleri, kudula ndodo za matsache, kenako n'kumagogoda pakhomo la munthu wamkulu kumupempha kuti awayang'anire. Ana ndiwo anayamba, akuluakulu n'kumathamangira pambuyo ndi malamulo. Pofika Seputembala 1909, pa msonkhano wa ku Crystal Palace ku London panabwera masikauti okwana pafupifupi 11,000.

Pakati pawo panali atsikana, atavala zipewa za usikauti, osaitanidwa ndi munthu. Nawonso anati ndi masikauti. Akuluakulu zinawavuta kumeza, poti mtsikana wogona kuthengo ndi kukwera m'mitengo ankaoneka ngati wotaya khalidwe, komanso ankaopa kuti anyamata athawa gulu likadzaza atsikana. Mu 1910 anawapatulira gulu lawolawo la Girl Guides, loyang'aniridwa ndi Agnes, mlongo wake wa Baden-Powell.

Mkangano waukulu unali wa usilikali. Woyambitsa anali mkulu wa asilikali, yunifolomu inafanana ndi ya apolisi amene iye anakhazikitsa ku South Africa, ndipo ambiri mwa oyang'anira bungwe anali asilikali opuma. Makolo a m'zipani za anthu apantchito ankakayika kuti ana awo akukonzedwera nkhondo mwakachetechete. Baden-Powell ankakana, n'kumanena kuti perete amapha nzeru za mwana. Ena sanakhutire. Mu 1909 gulu lina linapatuka n'kudzitcha British Boy Scouts, ndipo Sir Francis Vane, amene ankadana ndi mzimu wa nkhondo m'bungwemo, anakalitsogolera. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, John Hargrave anachokanso n'kuyambitsa gulu lake lotchedwa Kibbo Kift mu 1920, ndipo mu 1925 kunabadwa Woodcraft Folk, ya anyamata ndi atsikana pamodzi, yotsamira ku mabungwe a anthu apantchito. Nkhondoyo inasinthanso Baden-Powell mwini wake. Msonkhano woyamba wa masikauti a dziko lonse, umene unachitikira ku Olympia ku London mu 1920, unalalikira za ubale wa mitundu m'malo mwa kuteteza ufumu.

Maboma ankhanza anaona msanga kuti chida ichi n'chakuthwa. Soviet Union inathetsa usikauti n'kuyambitsa gulu lake la Apainiya mu 1922, ndi nsalu yapakhosi yofiira komanso mawu omwewo akuti khalani okonzeka. Italy ya Mussolini ndi Germany ya Hitler anachitanso chimodzimodzi: kutseka masikauti, kusunga misasa, nyimbo ndi moto wamadzulo, koma mtsogoleri wa ana n'kukhala wongolandira malamulo kuchokera kumwamba. Kunja zinkaoneka zofanana ndithu.

Ngakhale m'bungwe lenilenilo vuto la akuluakulu linalipo. Munthu wamkulu akaona ana akulakwitsa, manja amamuyabwa. N'chifukwa chake mu 1919 anatsegula malo ophunzitsira atsogoleri ku Gilwell Park pafupi ndi London, kumene akuluakuluwo ankagawidwa m'timagulu n'kukhala ngati ana, kusinthana utsogoleri, kudziphikira, kuti alawe zimene mwana amamva. Womaliza maphunzirowo ankalandira timikanda tamtengo. Toyambirira tinachokera pa mkanda wautali umene Baden-Powell anautenga ku Zululand mu 1888, umene ankati unali wa Dinuzulu, mfumu ya Azulu imene asilikali a Britain ankaisaka.

Nyanga ya ku Matabeleland, mikanda ya ku Zululand, nyimbo za Chizulu pamoto: Africa inali paliponse mu usikauti. Koma ana a Azuluwo atafuna kulowa, khomo linatsekedwa. Lamulo lachinayi la masikauti limati sikauti ndi mbale wa sikauti aliyense, ndipo azungu a ku South Africa analimvetsa bwino lomwe tanthauzo lake, n'chifukwa chake anakana kuti mwana wakuda atchedwe sikauti. Amishoni anayambitsa gulu lapadera la anyamata akuda lotchedwa Pathfinders, ndi la atsikana lotchedwa Wayfarers. Baden-Powell, amene anasakaniza mwana wa ku Eton ndi mwana wa ku Poole, sanalimbe mtima kuchita zomwezo kuno. Anavomereza kuti magulu akhale osiyana malinga ndi khungu. Masikauti a ku South Africa anadzakhala bungwe limodzi mu 1977, tsankho la boma likadali pachimake, patapita zaka 70 chichitikire msasa wa pa Brownsea.

Baden-Powell mwini wake sanazione zimenezo. Atakalamba anasamukira ku Nyeri ku Kenya, kumene anamwalira pa 8 Januwale 1941, nkhondo yachiwiri ili mkati. Pamwala wa manda ake anajambulapo mzere wozungulira wokhala ndi kadontho pakati, chizindikiro chimene sikauti amasiya panjira, ndi miyala kapena polemba pa dothi, kuuza anzake a m'kagulu obwera m'mbuyo kuti asamufunefune, wapita kunyumba.